Ng'ombe Zinaima Kutsidya kwa Dambo

Limbe
6 Meyi 1984

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni, chifukwa ndikayamba ndi nkhani moniwo ndiuiwala. Muli bwanji inu, adada, adumbu anga a Mateyu ndi alamu? Ine kuno ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa, ndipo dzulo ku ofesi ndinataipa kalata yonse ya abwana pepala nditaliika chadodolido.

Amayi, khalani pansi. A Kingstone Hara aja ndinakuuzani pa Khirisimasi, oimba besi m'kwaya yathu, abwera kudzandiuza kuti kwawo ku Jenda avomera. Ng'ombe za malobolo azisankha kale, zinyamuka mukangomaliza kukolola. Ndinafuna kululutira pakhonde pomwepo, koma ndinakumbukira kuti ndine mwana wa mkulu wa mpingo, ndiye ndinangolowa m'nyumba n'kukavinira kuseri kwa chitseko.

Tsono imvani mmene Mulungu amakonzera zinthu. A Kingstone awatumiza ku chipatala cha mishoni chathu chomwecho, akalowe m'malo mwa Dokotala Nason Gausi amene akupuma kumapeto kwa chaka. Ine ndinkayesa a Gausi sadzapuma mpaka lipenga lomaliza, poti ndi iwo anandichotsa nyemba m'mphuno ndili kamwana, ndipo nthawi imeneyo imvi anali nazo kale. A Kingstone anaphunzira kunja opaleshoni ya chikhodzodzo ndi njira za mkodzo, ntchito yomwe a Gausi amadziwika nayo. Akuti odziwa ntchito imeneyi ndi ochepa, ndipo onse akalamba kupatula iwo. Ndinawafunsa kuti munthu wa nkhope yabwino chotere anasankhiranji za mikodzo pamene kuli za maso ndi za ana. Anangoseka, nati aliyense akathawa, madoda adzalowera kuti.

Thenga wawo, wobweretsa mawu ndi ng'ombe, ndi a Gausi omwewo, chifukwa anali pa sukulu limodzi ndi malemu bambo a a Kingstone. Ndiye mwaona, zonse zangogwera m'mbale imodzi.

Chonde muwanyengerere adada asakamufunse mwana wa eni mafunso a katekisimu. Ndi munthu wamanyazi, akachita mantha amayamba Chingerezi. Munditumizireko nyemba ndi mtedza kudzera kwa kondakitala wa basi ya Lachisanu. Mukamapita ku boma kukagula mbale za alendo musaiwale khadi la chipani, angakubwezeninso pa chipata cha msika ngati chaka chatha.

Ine mwana wanu wosagona tulo,
Keziya

*

Kwa Chikomeni, Mzimba
11 Juni 1984

Mwana wanga Keziya,

Tonse tili moyo, chimanga chalowa m'nkhokwe. Nyemba ndapatsira, zikafika zochepa ufunse kondakitala.

Mnyamata wako tamuona. Ndi wamtali, ndipo anandipatsa moni atanjuta patali monga munthu woleredwa. Nsapato zake ndiye zosongoka, akhoza kukumbira mbatata, koma paja munthu sakwatiwa ndi nsapato. Ine wandisangalatsa.

Ng'ombe zinabwera Loweruka. Ndinaziona ndi maso anga zikutsetserekera ku dambo, zonona bwino, imodzi ya bere. Ine ndi amayi a m'mudzi tinali titakonza kale kukhosi kuti nthungululu ikamveke mpaka kwathu ku Kasungu. A Gausi anatsogola pa njinga yawo yamoto, nakakhala ndi madoda pa sangweni, pakhomo pa khola paja. Anakamba, anakamba, kenaka tinangoona a Gausi avala chipewa, akwera njinga, uyo ku dambo kukauza oyendetsa ng'ombe kuti zisaoloke. Nthungululu inatibwerera m'mimba. Mpaka lero ng'ombe zili kutsidya, zikudya mapesi a m'munda mwa anansi athu a Jonasi, ndipo a Jonasi akubwera m'mawa uliwonse kudzatipatsa moni wautali.

Usandifunse chifukwa chake. Nkhani za pa sangweni sizifika ku khitchini. Bambo ako ali ndi kamatenda ka anthu akuluakulu, koma zimenezo si za mwana wamkazi, iwe uzingopemphera. Thobwa lonse lija tinamwa tokha, mlamu wako mpaka anadwala nalo.

Ukapeza wobwera kuno utumize shuga, alendo a tsiku lija anatimaliza. Usalire, ng'ombe sizinabwerere ku Jenda, zangoima.

Ndine mayi ako,
Loyce NaPhiri

*

Limbe
24 Juni 1984

Adumbu anga a Mateyu,

Moni sindikupatsani wambiri, landirani wochepa womwewu mugawane ndi alamu ndi ana.

Kodi kumudziko mwandipangira upo wanji? Amayi alemba kuti ng'ombe zanga zikudya mapesi a a Jonasi, kenaka apempha shuga. Ine mtima uli m'malere, iwo akuganiza za tiyi. A Kingstone ndawalembera kawiri, ayankha timizere tochepa toti ndipirire, zina sangandiuze chifukwa cha lumbiro la ntchito yawo. Lumbiro la udokotala likukhudzana bwanji ndi ng'ombe?

Ndaganiza mpaka mutu watentha. Mwina adada aona kuti ng'ombe ndi zochepa. Mwina a Kingstone analankhula Chingerezi pa sangweni. Mwina ndi nsapato zija, ndinawauza ine kuti azisiye kuno. Koma Mable, mnzanga wa mu ofesi, wanditsegula maso. Akuti thenga wobweza yekha ng'ombe zimene wabwera nazo ndiye kuti ali ndi khola lina m'maganizo. Ndamva kuti a Gausi ali ndi mdzukulu wamkazi amene amakonda za unesi. Ndiuzeni zoona, ndi wokongola? Ngati ndi woyera ndi mano a mpata mungondiuza, ndifere limodzi.

Diresi ndinasoketsa kale kwa telala wa pakhonde la Mmwenye, lofika pansi pa mawondo monga lamulo likufunira. Lili pa msomali likungondiyang'ana.

Muwauze adada kuti akapitiriza ine ndikwera basi, ndikatsika pa Jenda, ndikalowa ndekha m'nyumba ya a Hara. Anthu adzati ndasompholedwa, ndathawira kwa mwamuna, ndipo adada adzalandira ng'ombe za mlandu m'malo mwa ng'ombe za ulemu. Ayi, musawauze. Kapena muwauze pang'ono chabe, mowazungulira.

Nanga kamatenda kamene amayi akunena n'kotani? Ngati ndi msana uja, ndaika mafuta opaka m'phukusi la shuga. Mundiyankhe msanga, apo ayi alamu adziwa kumene inapita njinga ija munati inabedwa pa Jenda.

Mlongo wanu wokwiya,
Keziya

*

Mzimba Boma
9 Julayi 1984

Mdumbu wanga Kezi,

Monire. Tonse tili makora, kupatula a Jonasi amene mapesi awathera. Ndikulemba ndili pa benchi la positi ofesi kuno ku boma, chifukwa kunyumba amayi amatha kuwerenga ngakhale kalata yomata. Yako inayamba yakacheza ku Mzuzu, yafika mochedwa, ndipo ndaseka mpaka wogulitsa masitampa wandiyang'ana. Mdzukulu wa a Gausi ali Sitandade 3. Unesi wake ndi womanga mbuzi mabandeji. Mano a mpata ali nawo ndithu, poti akutsogolo anaguluka mwezi watha.

Tsopano tseka chitseko. Zimene ndikuuzazi mlongo sauzidwa, koma ndaona kuti ukapanda kudziwa uchita zamisala. Adada mkodzo ukuwavuta. Zinayamba chaka chatha, iwo n'kumabisa. Mwa amuna okalamba muli kachiwalo kamene kamatupa n'kutseka njira, a Gausi amati pulositeti.

Tsiku la ng'ombe lija a Gausi anakhala pa sangweni chipewa chili pa bondo, nayamba mawu a uthenga bwinobwino. Adada ananyamuka kupita kuseri kwa khola. Anabwera. A Gausi asanamalize kutchula maanga a ng'ombe yachiwiri, adada ananyamukanso. Ulendo wotsatira anakhalitsa, nabwera thukuta lili kamukamu, kuzizira konse kwa Juni kuja. Ife tinkati ndi ukatswiri wa adada, kuti eni mwana asaoneke osusukira ng'ombe, mpaka amalume anandinong'oneza kuti ndiphunzirepo. A Gausi okha ndiwo anasiya kulankhula n'kumayang'ana mmene adada akhalira, chammbali ngati pa mpando pali minga. Mbwenu anavala chipewa, napita kukaimitsa ng'ombe.

Chifukwa chake n'ichi. A Gausi manja anayamba kuwanjenjemera, tiyi amafika pakamwa theka. Mpeni anausiya okha, anati sangayesere mwayi pa mimba ya munthu. Wodziwa opaleshoni imeneyi amene watsala kuno ndi Kingstone wako. Ng'ombe zikangolowa m'khola, Kingstone ndi mkamwini, ndipo ukudziwa wekha kuti mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi, sakhala nawo pa mphasa imodzi, nanji kuwavula. Choncho a Gausi anati ng'ombe zidikire kutsidya, adada achire kaye mnyamatayo akadali munthu wapadera.

Lachinayi tinawatengera adada ku chipatala pa ngolo. Kezi, zimenezi sunazione. Lachinayi ndi tsiku la madoda. Amadzaza khonde lonse, ena ochokera kutsidya kwa malire, ndipo aliyense amati wangoperekeza mnzake. Odwala palibe, onse ndi operekeza. Kwa Kingstone salowako, amati uyu ndi mwana wa dzulo, tikamuonetse chiyani. Onse amafuna a Gausi.

Ndiye a Gausi ali ndi kachitidwe kawo. Munthu akalowa samufunsa kanthu. Amayamba iwo kumasula mabatani a malaya awo, kutsitsa lamba pang'ono, n'kuonetsa chipsera chimene chili pansi pa mchombo, poti nawonso anang'ambidwapo chifukwa cha matenda omwewa. Akatero amati, "Wonani chane, sono tiwone chinu." Doda limaseka, manyazi n'kuthawa, n'kuyamba kufotokoza ngakhale zimene mkazi wake sadziwa. Kingstone amangoima pakona manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, ndipo anandiuza kuti zimenezi kunja kuja sanaphunzitsidwe.

Adada anawaika kapaipi, zonse zinatuluka, ndipo pobwerera anaimba masalimo njira yonse mpaka ng'ombe za pa ngolo zinayamba kuthamanga. Koma kapaipi si kokhalitsa. A Gausi anena mosabisa kuti popanda opaleshoni impso ziwonongeka, ndipo dzinja likubwerali mwina adada sadzalimaliza.

Apa ndiye pavuta chomene. Adada akana nzeru ya a Gausi. Mawu awo ndi awa: "Munthu amene wandiona ine Yoram Shaba ndili mbulanda sangadzakhale pakhomo panga n'kumanditchula adada. Asankhe chimodzi, mpeni kapena mwana wanga. Ndipo ine ndamusankhira kale. Ng'ombe zilowe."

Wamva? Sakukana ukwati wako. Akukana opaleshoni kuti iwe ukwatiwe. Zopita ku chipatala cha ku Blantyre akukananso, akuti sangakafere kwa eni, ndipo kumeneko kulibe wowaonetsa chipsera. A Gausi nawo akuti malinga thenga ndi iwo, palibe ng'ombe ioloke dambo. Nkhunzi ziwiri zakolana nyanga. Pakali pano ya bere ija yabereka kutsidya komweko, ndiye pabuka mlandu wina: thole ndi la a Hara, la a Shaba, kapena la a Jonasi, amene akuti linapangidwa ndi mapesi awo.

Ndikuseka polemba, Kezi, koma ndili ndi mantha. Adada aonda, jekete yawo ya ku Joni ija ikuwakhuthukira. Mafuta ako a msana amapaka tsiku lililonse kuti asakukhumudwitse. Za njinga usatchule, ndapota nawe.

Mdumbu wako,
Mateyu

*

Limbe
19 Julayi 1984

Adada,

Ndagwada polemba kalata ino. Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani pamodzi ndi amayi.

Chimene mukudwala sindikuchidziwa, ndipo sindifunsa, ndine mwana wamkazi. Ndangomva kuti mukufuna ng'ombe zilowe, ndipo zikalowa inu simuchira. Adada, zibwezeni ng'ombezo ku Jenda. A Kingstone akhale dokotala wanu basi, ine ndawamasula.

Musaganize kuti ndikulemba mokondwa. Ndalira mpaka Mable wandibwereka mpango wake. Ndimawakonda a Kingstone, ndipo ndikunena zimenezi kwa inu koyamba ndi komaliza. Koma mwamuna ndingadzapeze wina, ngakhale kuti oimba besi ndi osowa. Nanga adada ena ndikawatenga kuti? Simungandiperekeze ku tchalitchi mu Seputembala kuti ine ndidzakuperekezeni ku manda mu Febuluwale. Ukwati wotere ine sindikuufuna, ndipo mukandikakamiza ndikakana pamaso pa abusa.

Diresi ndigulitsa kwa Mable. Lidzamuthina, koma izo ndi zake.

A Kingstone sindinawalembere, dzanja likukana. Muwatume a Gausi akawauze, paja thenga amanyamula zokoma ndi zowawa zomwe.

Mwana wanu,
Keziya NyaShaba

*

Kwa Chikomeni, Mzimba
29 Julayi 1984

Keziya mwana wanga,

Moni. Wangoti zii osalemba, kodi wafa? Shuga anafika. Mateyu waulula kuti anakuuza zonse, ndipo ndamukalipira pamaso pa mkazi wake, koma pansi pa mtima ndapepukidwa, chifukwa nkhani yokoma ngati iyi sindikanatha kuimeza ndekha.

Ndinakuuza kuti nkhani za pa sangweni sizifika ku khitchini. N'zoona. Koma zimafika kuseri kwa khola, kumene Lamulungu lathali ndinapita kukaola ndowe zozirira nkhokwe, ndipo ndowe zake zinali zovuta kuola, ndinakhalitsa.

A Gausi anabwera titaweruka ku tchalitchi, atatenga madoda awo a Lachinayi, ena pa njinga, ena pa ndodo. Za matenda sanatchule n'komwe. Anangofunsa bambo ako kuti pa ukwati wa Mateyu anapha ng'ombe ndani. Bambo ako anati ndine, nanga n'kukhala ndani. A Gausi anafunsa amene anagwira mkondo. Bambo ako anati mwana wa a Jonasi, poti ndi wa dzanja lamphamvu, koma iwo ndiwo analoza ndi ndodo pobaya. A Gausi anatembenukira kwa madoda kufunsa kuti m'mudzi muno mumati anapha ng'ombe ija ndani, onse n'kuyankha kuti a Shaba.

"Mbwenu," anatero a Gausi. "Opaleshoni ndichita ine, Nason Gausi. Ndidzaloza ine. Manja okha ndiwo ndibwereke."

Bambo ako anati kodi mukundiyesa ng'ombe, a Gausi n'kuti inde, nkhunzi yokalamba yovuta kukoka. Madoda anaseka mpaka ena anathamangira kuseri kwa khola, kumene anandipeza ine ndi dengu langa. Titapatsana moni anabwerera.

Koma bambo ako sagonja msanga. Anafunsa kuti manja obwerekawo alibe maso kodi. A Gausi anati mwini manja adzavala nsalu kumaso ndi chipewa kumutu, sadzalankhula, ndipo dzina lake silidzatchulidwa m'chipindamo kapena pa sangweni mpaka kalekale. Madoda anakambirana, nagamula kuti munthu wopanda nkhope ndi dzina alibe chibale ndi wina aliyense. Pamenepo bambo ako anaitanitsa jekete yawo.

Opaleshoni anawachita Lachiwiri. Ine ndinali pakhonde, pemphero lililonse ndikaliyamba limathera pakati. Nesi wina wa kwathu ku Kasungu ndiye anandifotokozera. Akuti anawabaya jekeseni pamsana, miyendo inafa koma mutu uli maso, n'kutchinga nsalu pachifuwa. A Gausi anaima pamalire pa nsaluyo magalasi ali pamphuno. Akayang'ana uku akuloza, akayang'ana uko akukangana ndi bambo ako za thole. Pena magazi anachuluka, manja obwereka aja n'kuima. A Gausi anangoti, "Pamenepo yayi, mwana wane, kumanzere pachoko, finya udikire," n'kubwereranso ku thole ngati palibe chachitika. Magazi analeka. Bambo ako sanadziwe kanthu, anali kalikiliki kufotokoza kuti thole limatsata make.

Zitatha ndinaona mnyamata wina wamtali atatuluka, n'kukhala pa masitepe mutu uli m'manja. Sindikumudziwa, paja alibe dzina, koma nsapato zake ndinazizindikira. Ndinamuikira chikho cha thobwa pansi chapatali, n'kuchokapo osayang'ana m'mbuyo.

Bambo ako akudya, akulamula manesi, ndipo dzulo anadzudzula mlaliki wa m'wodi kuti walumpha vesi. Diresi lija ulichape.

Ndine mayi ako,
Loyce NaPhiri

*

Kwa Chikomeni, Mzimba
26 Ogasiti 1984

Kwa mwana wane Keziya NyaShaba,

Monire mwana wane. Ine ndili makora chomene, amayi ako ali makora, Mateyu ali monga umudziwira.

Kalata yako yoti ndibweze ng'ombe inakagona ku Mzuzu ngati inzake. Yafika ng'ombe zitalowa kale m'khola, nthungululu italira kale, ndipo amayi ako mawu atawathera. Ndiye pempho lako lakanidwa chifukwa chofika mochedwa. A Gausi sindinawatume kanthu, ndipo iwe usakatchule kwa a Hara kuti unawamasula, angatenge mtima.

Ndinaiwerenga ndekha kuseri kwa khola, kumene masiku ano ndimapitako mwa apo ndi apo n'kubwerako msanga ngati mnyamata. Ndinafuna kunena kuti m'maso munalowa utsi, koma ndine mkulu wa mpingo, sindinama. Ndinalira. Iwe unafuna kutaya mwamuna chifukwa cha ine, ine ndinafuna kutaya moyo chifukwa cha iwe, ndipo tikanapambana tonse awiri pakhomo pano pakanakhala maliro ndi mbeta. Ndife a Shaba, mitu yathu ndi youma. Mwayi wake panali Gausi.

Tsopano umvetse bwino, ndipo ukauze ndi Mable wakoyo. Amene anandichita opaleshoni ndi Dokotala Nason Gausi. Ukamva wina akunena zina, ameneyo ndi wabodza. M'chipindamo munali kamnyamata kena kovala nsalu kumaso kamene kankawagwirira zipangizo. Sindikukadziwa, ndipo sindikufuna kukadziwa. Koma ukadzamva kumene kamakhala, ukakauze kuti manja ake ndi abwino.

Mkweni wanga a Hara, amene amayi ako amati mkamwini, ndi nkhani ina. Amenewo ndinawaona koyamba bwinobwino tsiku lolowa ng'ombe, atanjuta patali. Ndinawafunsa katekisimu, anayankha theka m'Chingerezi, koma ndawakhululukira.

Mlandu wa thole watha. Madoda agamula kuti lipite kwa a Gausi, poti ndi iwo analiimitsa kutsidya. A Jonasi atenge ndowe zonse zimene zatsala m'munda mwawo, ndipo chaka chino akakolola kuposa ife asadzabwerenso ndi moni wawo wautali.

A Gausi akupumadi pa Khirisimasi, akupita kumudzi kwawo. A mishoni awapempha kuti azibwerabe pakakhala opaleshoni yovuta, adzaime pambali n'kumaloza, ndipo avomera malinga njinga ikamalira. Ndinawauza kuti munthu ngati iwo sapuma, anati maso akadalipo koma msana wakana kukhala pa mpando tsiku lonse. Vuto linatsala pa Lachinayi. Madoda akuti kwa mkweni wanga salowa, chifukwa mimba yake ndi yosalala, alibe choti awaonetse. Mateyu anati tingomucheka pang'ono, ndinamuthamangitsa.

Ndiye a Gausi andipatsa ntchito, ndipo ndayamba kale kuphunzira. Malipiro ake ndi tiyi. Lachinayi lililonse ndimavala jekete, ndimakwera ngolo, ndimakakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko. Doda likalowa likunena kuti langoperekeza mnzake, ine sindilifunsa kanthu. Ndimayamba kumasula mabatani. Changa ndi chatsopano, chikuoneka bwino kuposa cha a Gausi, ndipo iwo ayamba kale nsanje. Sabata yatha ndinalowetsa a Jonasi amene.

Usade nkhawa za ulemu. Mkweni wanga ndi munthu woleredwa. Akangoona dzanja langa lafika pa batani loyamba amatembenukira kukhoma, n'kumawerenga kalendala mpaka nditamanga lamba.

Ubwere ndi diresi lako. Yewo.

Ndine wiso,
Yoram Shaba